"Madala, inuyo munali ndani?"

Dzulo ndapsa mtima ndipo mpaka pano sunaphwe. Ndinaperekeza amalume anga m'tauni muno mwa Zomba kukatayipitsa mbiri ya moyo wawo. Ndi bambo a zaka 78, analawirira pa kabaza kuchokera cha ku Jali, makope atatu atawakulunga m'jumbo kuti asachite fumbi. Zaka ziwiri akhala akulemba makopewo ndi bolopeni, masana okhaokha pakhonde chifukwa maso anayamba kuvuta. Sanalembepo chilichonse chachitali chibadwire, kupatula makalata. Tafika pa kashopu kena kotayipa ndi kupanga fotokope, mnyamata wa pamenepo anatsegula kope loyamba, kuvundukula masamba awiri, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Akuti, "Madala, inuyo munali ndani kuti mulembe buku? Munakhalapo nduna?" Anzake awiri anali pambali, onse gwa, kuseka.

Amalume sanayankhe. Anangotenga makope awo, kuwabwezera m'jumbo muja, manja akunjenjemera, n'kunena motsitsa kuti, "Tiye mphwanga, mwina ndinalakwitsa." Mawu amenewo ndi amene andisowetsa tulo. Munthu wamkulu kupepesa chifukwa analemba moyo wake!

Munali ndani? Ndikuuzeni amene anali. Ndi munthu amene anaona nyanja ya Chilwa itauma mu 1968, mabwato ali gwaa pamatope ong'aluka ku Kachulu, matemba atasowa, maukonde akudyedwa ndi makoswe m'nyumba. Njala ya chaka chimenecho ndi imene inawathamangitsira ku Wenela, bungwe lolemba anthu opita kumigodi ya ku Joni. Analowa mu mgodi ku Joni ali mnyamata, nagona m'komponi, naphunzira Chifanakalo ndi makofi. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu opita kumigodi, anzawo a amalume anali m'ndege imeneyo. Maina awo ali m'kope lachiwiri, ndi midzi yawo yomwe. Pali tsamba lina limene inki inafalikira, ndipo sindinawafunse chifukwa chake. Ndiye wina wobadwa dzulodzuloli, amene Chilwa amangoidziwa ndi mlamba wouma wa mumsika, awafunse kuti munali ndani?

Funso limeneli ndi lachipongwe ndipo likutipha. Tinadziika m'mutu kuti buku la moyo wa munthu ndi la apulezidenti, mabishopu ndi anthu a madigiri. Msodzi ayi. Mayi wogulitsa zitumbuwa pa depoti kwa zaka 30 ayi. Mphunzitsi wa pulayimale wa ku Domasi ayi. Msilikali amene anapumira ntchito ku Cobbe Barracks ayi. Mwina ndi sukulu zathu, mwina ndi mantha a nthawi ija pamene kapepala kamodzi kankakumangitsa, kaya. Koma zotsatira zake ndi zoti munthu wamba amafa ndi zonse zimene anaona, ife n'kumawomba m'manja.

Ndipo zikuchitikira ku Zomba! Mzinda umene unali likulu la dziko lino mpaka 1975. Mzinda umene muli National Archives ndi Chanco. Pitani mukaone zimene zinasungidwa za nthawi ya atsamunda: makalata a boma, malipoti a ma DC, nkhani za msonkho. Mzungu ankalemba chilichonse, ndipo lero mwana wa pa yunivesite akafuna kudziwa za agogo ake amakawerenga zimene bwana DC ananena za iwo. Agogowo mawu awo ali kuti? Napolo wa mu 1946 amene anagumula phiri n'kukokolola milatho m'tauni muno, amayi a amalume anamuona ndi maso, ndipo zimene ankafotokoza madzulo pamoto zili m'kope loyamba lija limene mnyamata uja analiseka. Za ku ndende ya Mikuyu timadziwako chifukwa anthu ngati a Jack Mapanje, amene anatsekeredwa kumeneko kuyambira 1987 mpaka 1991, anatuluka n'kulemba. Nanga amayi amene ankadikira panja, osadziwa ngati amuna awo ali moyo? Nanga amene anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa analibe khadi la chipani? Iwowonso tiwafunse kuti munali ndani?

Galu wamkota sakandira pachabe. Nkhalamba ikakhala pansi zaka ziwiri ndi bolopeni, dziwani kuti pali chimene chikuiwawa.

Chinanso chimene chinandinyansa, atatha kuseka mnyamata uja anawonjeza kuti, "Komanso Chichewa chokhachokha ichi adzagula ndani? Mukanalemba m'Chingerezi." Ndani anakuuzani kuti amalume akufuna kugulitsa? Akufuna zidzukulu zawo zidziwe chifukwa chimene chala chawo chakumanja chinaduka. Akufuna zidziwe kuti munda umene zikulimbirana lero unagulidwa ndi thukuta la pansi pa nthaka. Analira m'Chichewa, anafunsira mbeta m'Chichewa, anaika ana awo awiri m'manda akuimba nyimbo za Chichewa. Alembe m'Chingerezi kuti asangalatse yani? Inde, zilembo zina n'zopindika, penapake anabwereza nkhani imodzi kawiri, penapake chaka anachisokoneza. Ndi koyamba. Zimenezo zimakonzeka. Chimene sichikonzeka ndi munthu kumutseka pakamwa ali ndi zaka 78.

Inu amene muli ndi makolo amene ayamba kulemba, kaya m'kope la mwana wasukulu, kaya kuseri kwa kalendala, musawaseke. Musawafunse kuti anali ndani. Ndipo inu a pachibale amene mumathamangira kunena kuti "mukufuna kutiyalutsa pamtundu", moyowo ndi wawo, anauvutikira okha.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'choti ndikudziwa mmene zidzakhalire tsiku limene amalume adzatisiye. Adzaimirira munthu kumanda ndi kapepala kong'amba m'kope, kolembedwa usiku wa pa siwa, n'kuwerenga mbiri ya malemu mphindi zitatu. Anabadwa chaka chakuti, anakwatira chaka chakuti, asiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo. Basi. Za Chilwa zii, za Joni zii. Koma ndalama ya bokosi lodula idzapezeka tsiku limodzi. Ya malaya osindikiza nkhope yawo idzapezeka. Ya nkhata za maluwa apulasitiki idzapezeka, ena adzatumiza kuchokera ku Johannesburg komweko. Ine ndinalemba pa gulu la WhatsApp la banja lathu sabata yatha kuti tisonkhe yotayipitsira makope atatuwa, anthu 26 anawerenga, mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe wayankha.