Nyumba Ikagulitsidwa Banja Litatha, Ngongole Ichotsedwe pa Gawo la Yani?

Mwamuna ndi mkazi akalekana, abale a mbali zonse ziwiri amathamangira kuwerengera theka la mtengo wa nyumba, ngati kuti ndalama yonse yomwe wogula apereke idzafika patebulo la ankhoswe. Maganizo anga ndi akuti mkangano weniweni suli pa theka limenelo, koma pa ngongole zomwe zimachotsedwa anthu asanayambe kugawana, chifukwa m'menemo ndi momwe mmodzi amalipirira zolakwa za mnzake osazindikira.

Pa nkhani ya banki palibe zambiri zokambirana. Ngati nyumba idaperekedwa ngati chikole ndipo chikolecho chidalembetsedwa ku ofesi yoona za malo motsatira lamulo lolembetsera malo la Registered Land Act, banki imatenga zake eni nyumba asanalandire kanthu, pamodzi ndi chiwongoladzanja chomwe chakhala chikukwera pa nthawi yonse imene awiriwo amakokana kukhoti. Msonkho wa malo wa kukhonsolo womwe sudalipidwe umachotsedwanso, kenako malipiro a loya ndi a amene adapeza wogula. Ine sindiona cholakwika pamenepa, makamaka ngati ndalama ya bankiyo ndi imene idamanga kapena kugula nyumbayo, popeza onse awiri adagona m'menemo.

Vuto limayamba ndi ngongole zopanda chikole, monga katapila, ndalama za banki m'khonde, ngongole yodulidwa pa malipiro a kuntchito, kapena ya mlamu yemwe amatulukira mwadzidzidzi ndi kapepala kosainidwa mlandu utayamba kale. Tiyerekeze kuti nyumba ina ku Area 25 mu Lilongwe yagulitsidwa pa K60 miliyoni, banki yatenga K22 miliyoni, ndipo msonkho, loya ndi wopeza wogula atenga K5 miliyoni. Zatsala K33 miliyoni. Tiyerekezenso kuti mwamuna ali ndi katapila wa K10 miliyoni yemwe adatenga mkazi wake osadziwa, ndipo ndalamayo idathera pa juga ndi pa banja lina lamseri. Katapilayu akachotsedwa pamwamba asanagawane, aliyense atenga K11.5 miliyoni. Akachotsedwa pa gawo la mwini ngongole yekha, mkazi atenga K16.5 miliyoni ndipo mwamuna atsala ndi K6.5 miliyoni. Kusiyana kwa K5 miliyoni kumeneku kukuchokera pa funso limodzi lokha lakuti kuchotsera kuchitike pati, ndipo ndi funso lomwe ankhoswe ambiri salifunsa n'komwe, chifukwa mawu akuti “tiyambe tabweza ngongole” amamveka aulemu ndi achilungamo.

Ine ndikuti ngongole iyenera kutsatira kumene ndalama idapita. Ngati idalipira fizi ya ana, chipatala, feteleza, kapena mpamba wa bizinesi yomwe inkadyetsa pakhomo, imeneyo ndi ngongole ya banja ngakhale adasaina ndi munthu mmodzi, ndipo ichotsedwe pamwamba. Ngati idapita ku zofuna za munthu mmodzi, aisenze yekha. Izi zigwire mbali zonse, chifukwa aliponso amayi omwe adalowa m'magulu atatu a banki m'khonde amuna awo osadziwa, n'kumabweza gulu lina ndi ndalama za gulu linzake mpaka zinthu zitaphulika.

Malamulo athu amapereka mpata woti khoti liweruze motero. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limati mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu yemwe anali wa onse awiri ukwati ukatha. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, pa gawo 74 limalamula khoti kugawa katundu mwachilungamo poyang'ana ndalama zomwe aliyense amapeza, zosowa zake, maudindo ake, zaka ndi thanzi lake, komanso zomwe adathandiza mwachindunji kapena mwa njira ina, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Liwu lomwe lili m'menemo ndi chilungamo, osati theka, ndipo Khoti la Supreme pa mlandu wa Sikwese ndi Banda mu 2017 lidanenetsa kuti kukhala pa banja pakokha sikusandutsa katundu yense kukhala wa onse awiri. Ngati ukwati pawokha susandutsa chuma chonse kukhala cha onse, sindikuona chifukwa choti usandutse ngongole zonse kukhala za onse.

Ena adzati wobwereketsa naye ndi munthu, adapereka ndalama yake ndipo sadalakwe kanthu. Ndikuvomereza, ndipo ndikudziwa kuti pali mabanja omwe amanamizira kulekana kuti abise nyumba m'dzina la mkazi masherifu asanafike. Oterewo khoti lisawamvere chisoni. Koma wobwereketsa yemwe sadatenge chikole, ndipo sadafunse siginecha ya mkazi, adasankha yekha kukhulupirira munthu mmodzi. Ufulu wake uthere pa gawo la munthu ameneyo. Gawolo likachepa, asatambasulire dzanja ku gawo la amene sadaone ngakhale tambala ya ngongoleyo.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi nyumba yomwe ili m'dzina la mwamuna yekha, monga zilili nyumba zambiri m'matauni mwathu, ngakhale mkazi adaumba nawo njerwa ndi kugula malata ndi phindu la geni yake. Mwamuna wotere angathe kuiperekanso ngati chikole cha ngongole yatsopano mlandu uli mkati, ndipo pofika tsiku lachigamulo khoti limapeza kuti likugawa zotsalira za banki. Mkazi amene akuona kuti banja likugwedera ali ndi njira yokalembetsa chenjezo ku ofesi yoona za malo, kapena kupempha khoti kuti liletse kugulitsa ndi kupereka nyumbayo ngati chikole mpaka mlandu utatha. Asungenso malisiti a simenti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, ndi makope a banki m'khonde, chifukwa woweruza sadzafunsa za amene adavutika kwambiri popanda umboni.

Ndalama yogulitsira nyumba isalowe mu akaunti ya mmodzi mwa olekanawo. Isungidwe ndi loya kapena kukhoti, ndipo ngongole iliyonse ilembedwe ndi tsiku lomwe idatengedwa, amene adasaina, ndi chomwe ndalamayo idagula, wina aliyense asanalandire kanthu.