Kuchulukitsa mapurosesa sikuchiza seva yolimbirana memori imodzi

Dzulo ndinapsa mtima ku ofesi yathu ya ku Kamwala mu Lusaka, ndipo mpaka m'mawa uno mkwiyo sunandichoke. Seva, kompyuta yaikulu imene imasunga malekodi a katundu wathu, yakhala ikuchedwa kwa milungu ingapo, makamaka kumapeto kwa mwezi pamene aliyense akufuna kutulutsa malipoti. Tinaitana katswiri wina wa m'tauni muno kuti adzaione. Bambowo sanayese n'komwe kufufuza kumene nthawi ikuthera. Anangoti seva yathu ya ma core 32 (timapurosesa ting'onoting'ono togwira ntchito m'kati mwa purosesa) yatopa, tigule ya ma core 64. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi ma core 32 alipowa akugwira ntchito onse, kapena angoima pamzere?" Iwo anati funso limenelo lilibe ntchito.

Funso limenelo ndilo mutu wa nkhani yonse. Purosesa siichedwa chifukwa chosowa anzake. Imachedwa chifukwa chodikira memori. Ma core onse akamatunga pamalo amodzi otsekedwa ndi loko imodzi (kalamulo ka m'pulogalamu koletsa awiri kulowa nthawi imodzi), mmodzi yekha ndiye amalowa, enawo amangozungulira pakhomo kudikira kuti mnzawo atuluke. Aliyense amene anaimapo pampopi ku Kanyama m'mawa akudziwa kuti kubweretsa zigubu zambiri sikuwonjezera madzi, kumangotalikitsa mzere. Katswiriyo atachoka ndinayendetsa ndekha pulogalamu ya perf, yoyezera kumene nthawi ya purosesa ikuthera, ndipo ndinapeza zimene ndinkaganiza: nthawi yambiri ma core athu amathera pa kudikira loko, osati pa ntchito imene tinawagulira.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti vutoli si latsopano ayi. Jeff Bonwick analemba za slab allocator ya Solaris mu 1994, njira yosunga tizigawo ta memori tokonzedwa kale kuti kernel, phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse monga Solaris kapena Linux, isamatipange mwatsopano nthawi iliyonse. Mu 2001 iye ndi Jonathan Adams anafotokoza njira yopatsa purosesa iliyonse kankhokwe kakekake, kuti izingopita kunkhokwe yaikulu kakeko kakatha kapena kakadzaza. Linux inalandira SLUB, mtundu watsopano wa slab allocator, mu 2007, ndipo loko yake imodzi yaikulu yotchedwa Big Kernel Lock inachotsedweratu mu 2011. Anthu anathera zaka zambiri akuphwanya mpopi umodzi uja kuti purosesa iliyonse ikhale ndi wake, koma katswiri wa mu Lusaka akutiuza lero kuti tiwonjezere zigubu.

Makina athu ali ndi mapurosesa akuluakulu awiri, iliyonse ndi memori yakeyake yapafupi, dongosolo limene limatchedwa NUMA. Pulogalamu ikamayenda pa purosesa yoyamba pamene zimene ikuwerenga zili mu memori ya yachiwiri, kuwerenga kulikonse kumayenda ulendo wautali. Ngakhale kanthu kakang'ono kamavulaza, chifukwa ma core awiri akamalemba mu mzere umodzi wa ma byte 64 wa cache, kamemori kothamanga ka m'kati mwa purosesa, mzerewo umangoponyedwa uku ndi uku ngati mpira, ngakhale aliyense akulemba zakezake. Zina mwa izi zimakonzedwa ndi kusintha kernel yakale, kumangirira pulogalamu pafupi ndi memori yake pogwiritsa ntchito pulogalamu ya numactl, ndi kuyeza mobwerezabwereza. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimafuna makina atsopano. Mwina n'chifukwa chake katswiriyo sananene, popeza phindu lili pa kugulitsa.

Akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ine sindikufuna kumva chiwerengero cha ma core. Ndikufuna munthu andilozere loko imene ikutiluma, andiuze dzina lake, aichotse. Ndalama za kampani yaing'ono ngati yathu sizitoledwa pansi, ndipo seva imagulidwa ndi madola pamene ife timalandira makwacha. Kuuza abwana kuti awononge ndalama zotere popanda kuyeza kalikonse ndi kuwabera masana dzuwa likuswa mtengo.

Ndiponso bambo omwewo ndiwo anatiikira kalamulo koti seva izipukuta page cache, mbali ya memori yosunga mafailo owerengedwa kale, ola lililonse, ati pofuna kumasula memori. Memori imene yasunga mafailo owerengedwa kawirikawiri siinatayike, ikugwira ntchito, ndipo Linux imaibweza yokha pulogalamu ikaifuna. Magetsi amatizimira kale kawirikawiri mumzinda muno, seva n'kuyambanso ndi cache yopanda kanthu, ndiye munthu wolipidwa abwere adzaipukutenso dala ndi manja ake ola lililonse!