Tsidya lino ndi tsidya ilo la Zbruch: Poland inkachita phokoso, Ukraine inkaoneka chete

Anthu a ku Poland analidzukira boma la chikomyunizimu kangapo konse. Mu 1956 kunavuta ku Poznań, mu 1970 ku Gdańsk ndi Gdynia, mu 1976 ku Radom, ndipo bungwe la ogwira ntchito la Solidarność, lomwe linayamba mu 1980, linasonkhanitsa anthu pafupifupi 10 miliyoni. Koma anansi awo a ku Ukraine, omwe anali mu Soviet Union ndiponso anali ochuluka kuposa iwo, ankaoneka kuti angoti zii mpaka cha mu 1989. Ena akaona zimenezi amafulumira kugamula mlandu: akuti a ku Poland ndi olimba chiwindi, a ku Ukraine anali ofatsa kapena okhutira. Chigamulo chimenechi ine sindichivomera. Maboma awiriwa ankatchedwa dzina limodzi, koma zomwe anamusiyira munthu wamba m'manja zinali zosiyana kutalitali.

Nkhaniyi iyambire pa mtsinje wa Zbruch. Ndi kamtsinje kosachititsa mantha, koma pangano la ku Riga la mu 1921 linakasandutsa malire. Kuzambwe kwake anthu olankhula Chiyukireniya anagwera mu Poland, kuvuma kwake mu Soviet Union. Tauni ya Pidvolochysk inali tsidya lino, Volochysk tsidya ilo, kuyang'anizana. Anthu ake amodzimodzi, nyimbo zake zomwezo, tirigu wake yemweyo.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zoyambirira, mbali ya Soviet ndi yomwe inkaoneka yokoma kwa munthu wokonda chinenero chake. Kuyambira mu 1923 boma la ku Moscow linalola, ndiponso linalamula, kuti masukulu, manyuzipepala ndi maofesi a ku Ukraine azigwiritsa ntchito Chiyukireniya. Pomwe ku Poland lamulo la mu 1924 linasandutsa masukulu ambiri a Chiyukireniya kukhala a zinenero ziwiri, yunivesite ya Chiyukireniya ku Lviv inkaphunzitsa mobisa, ndipo mu 1930 apolisi ndi asilikali okwera pa akavalo anayenda m'midzi ya ku Galicia, dera lomwe kuli mzinda wa Lviv, kukwapula anthu ndi kuphwanya katundu wa makopaletivi awo. Panali ophunzira ena a ku Lviv omwe anasamukira ku Kharkiv, likulu la Ukraine wa Soviet panthawiyo, poganiza kuti kwawo kwenikweni ndi kumeneko. Ambiri a iwo anathera m'ndende ndi m'manda.

Zinthu zinatembenuka pa nkhani ya munda. Kuyambira mu 1929 Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anakakamiza alimi kupereka minda, ng'ombe ndi akavalo ku minda ya gulu yotchedwa kolkhoz. Mlingo wa tirigu wopereka ku boma unaikidwa wosatheka kuukwanitsa. Lamulo la pa 7 Ogasiti 1932 linati wotenga katundu wa gulu aphedwe kapena akhale m'ndende zaka 10, ndipo anthu analipatsa dzina loti lamulo la ngala zisanu, chifukwa ngakhale mayi wokunkha ngala zotsala m'munda ankatha kugwidwa nalo. Mudzi wolephera mlingo unkalembedwa pa "bolodi lakuda", kutanthauza kuti m'sitolo yake simulowanso mchere, machesi kapena palafini. Magulu a chipani ankayenda ndi zitsulo zosongoka kubaya pansi ndi m'makoma kufuna tirigu wokwiriridwa. Kenako pa 22 Januwale 1933 kunatuluka lamulo loletsa alimi a ku Ukraine ndi ku Kuban, dera la kum'mwera kwa Russia, kuchoka m'madera awo. Njala nchilombo, koma iyi inali njala yotsekeredwa mumpanda. Akatswiri owerengera anthu amati ku Ukraine kokha kunafa anthu pafupifupi 3.9 miliyoni. Amaitcha Holodomor. Chaka chomwecho mlembi Mykola Khvylovy ndi Mykola Skrypnyk, yemwe anatsogolera ntchito yokweza Chiyukireniya m'masukulu, onse anadziwombera okha.

Tsidya la Poland, pamtunda woyenda wapansi, kunali umphawi ndi tsankho, koma njala yotere kunalibe. Mlimi anali ndi munda wake, ankagulitsa mkaka kudzera ku kopaletivi ya Maslosoyuz, madzulo nkupita kukawerenga ku nyumba ya bungwe la Prosvita, Lamulungu kutchalitchi chake. Arkiepiskopi Andrey Sheptytsky wa ku Lviv anatha kulengeza poyera za njala ya tsidya linalo ndi kupempha dziko lapansi kuti lithandize. Moscow inayankha kuti kulibe njala. Kuitchula poyera mkati mwa Soviet Union kunakhala koletsedwa mpaka kumapeto kwa 1987. Taganizani zaka zoposa 50 agogo akusunga zinyenyeswa za buledi, mdzukulu nkumafunsa chifukwa chake, iwo osayankha.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha malire anasunthira kuzambwe, Lviv nkukhala mu Soviet Union, ndipo Poland nayo inagwa m'manja mwa achikomyunizimu. Apa ndiye kufanizira kukhoza kuyamba bwino, chifukwa tsopano mbali zonse ziwiri zinali pansi pa mbendera zofiira.

Ku Poland boma linayesa nalo kusonkhanitsa minda, koma mu 1956, Władysław Gomułka atatenga mpando wa mtsogoleri wa chipani, minda yambiri ya gulu inabalalika m'miyezi yochepa. Mpaka chikomyunizimu kutha, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a nthaka yolimidwa anali m'manja mwa mabanja. Koma mlimi wa ku Ukraine ankagwira ntchito ku kolkhoz nkumalemberedwa "masiku a ntchito" m'kaundula, ndipo anthu ankanena monyoza kuti akugwirira timitengo, kutanthauza timizere tomwe kapitawo ankajambula. Malipiro otsimikizika a ndalama anabwera mu 1966. Chiphaso choyendera mkati mwa dziko, chomwe wa m'tauni anali nacho kuyambira mu 1932, wa kumudzi anachilandira pambuyo pa lamulo la mu 1974. Chomwe chinkadyetsa banja ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba, nkhumba imodzi, ng'ombe imodzi ngati mwayi ulipo, ndi kachasu wawo wotchedwa samohon yemwe ankagwira ntchito ngati ndalama. Munthu amene nkhokwe yake ili m'manja mwa tcheyamani wa kolkhoz sadzudzula boma pamsonkhano. Sikuti ndi wamantha, koma ali ndi ana.

Za mpingo ndiye kusiyana kwake nkochita kuonekeratu. Kadinala Stefan Wyszyński, mkulu wa mpingo wa Katolika ku Poland, anatsekeredwa kuyambira 1953 mpaka 1956, koma anatuluka nkubwerera pampando wake. Mpingo wa Katolika ku Poland unasunga maparishi, maseminale, ngakhalenso yunivesite yake ku Lublin. Papa John Paul II atapita kwawo ku Poland mu Juni 1979, makamu anadzaza mabwalo, anthu nkuonana maso ndi maso kuti kani tilipo ambiri chonchi. Ku Ukraine wa kuzambwe mpingo womwe unali msana wa anthu unali wa Greek Catholic. Maepiskopi ake ambiri anamangidwa mu 1945, ndipo mu Malichi 1946 msonkhano wokonzedwa ndi apolisi achinsinsi ku Lviv unalengeza kuti mpingowo wadzithetsa wokha nkulowa mu Orthodox wa ku Moscow. Mtsogoleri wake Josyf Slipyj anakhala m'ndende ndi m'misasa zaka 18 asanamulole kupita ku Rome mu 1963. Mpingowo sunafe. Ansembe ankagwira ntchito wamba masana, usiku nkumabatiza ana m'nyumba za anthu makatani atatsekedwa. Unaloledwanso poyera kumapeto kwa 1989. Koma misa ya anthu khumi m'chipinda siingapereke mtima womwe umabwera pabwalo la anthu zikwi mazanamazana.

Pasakhale wina woganiza kuti Poland inali paradaiso kwa a ku Ukraine omwe anatsala mkati mwake. Pakati pa mitundu iwiriyi panali magazi. Mu 1943 gulu lankhondo la a ku Ukraine lofuna dziko lawolawo, lotchedwa UPA, linapha anthu wamba a Chipolishi zikwi makumimakumi m'dera la Volhynia, a ku Poland nawo anabwezera m'midzi ya anzawowo. Mu 1947 boma la Warsaw linanyamula anthu pafupifupi 140,000 olankhula Chiyukireniya kuchokera kum'mwera chakuvuma kwa dzikolo nkukawamwaza kumpoto ndi kuzambwe, mabanja ochepaochepa mudzi uliwonse, kuti asungunuke. Chaka chomwecho, tsidya la Soviet, sitima zinanyamula mabanja ena zikwizikwi kupita nawo ku Siberia chifukwa choganiziridwa kuti ankadyetsa zigawenga za m'nkhalango. Ufulu wa ku Poland womwe ndikuuyamikira pano unali wa aPolishi eni ake.

Pa chinenero ndi pomwe pali mfundo yomwe ambiri saiona. Palibe tsiku lomwe mwana wa ku Warsaw anauzidwa kuti Chipolishi ndi cha kumudzi. Chirasha ankachiphunzira m'kalasi monyinyirika, akaweruka nkuchiiwala. Ku Ukraine chinenero sichinaletsedwe ayi. Mabuku ankasindikizidwa, chipilala cha mlakatuli Taras Shevchenko chinali m'matauni ambiri, dzikolo linali ndi mpando wakewake ku United Nations kuyambira mu 1945. Chinenerocho anangochichepetsa pang'onopang'ono. Mu 1933 anachotsa chilembo chimodzi mu alifabeti yake, chomwe chinabwezedwa mu 1990. Lamulo la maphunziro la mu 1958 ndi 1959 linapatsa makolo "ufulu" wosankha chinenero cha sukulu, ndipo kholo lililonse linkadziwa kuti mayeso a ku koleji, ntchito ya uinjiniya ndi usilikali zimayenda m'Chirasha. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ana opitirira theka ku Ukraine ankaphunzira m'masukulu a Chirasha. Mnyamata wochokera kumudzi akafika ku Kharkiv kapena ku Odesa ankasintha lilime m'basi momwemo, kuopa kusekedwa.

Ndipo khomo lokwerera pamwamba linali lotsegula. Mpolishi ngakhale akwezedwe chotani, ankathera ku Warsaw. Wa ku Ukraine wovomera malamulo a masewerawo ankatha kufika mpaka ku Kremlin, phata la ulamuliro ku Moscow. Leonid Brezhnev, yemwe anatsogolera Soviet Union, anabadwira ku Kamianske ku Ukraine, ndipo anzake a ku Dnipropetrovsk, mzinda wa fakitale ya mizinga ya Yuzhmash womwe alendo akunja sankaloledwa kulowamo, anadzaza mipando ku Moscow. Ndege za Antonov zinkajambulidwa ku Kyiv. Ambiri ankanyadira zimenezi ndi mtima wonse, nkumadziona kuti ndi eni ake a dziko lalikululo, osati akapolo ake. Kwa ine ichi ndi chomwe chinafooketsa mkwiyo kuposa ndende. Nkovuta kugwirizana kugwetsa nyumba yomwe achibale ako ena akudyera m'chipinda chapamwamba.

Amene anakana, mtengo wake unali wosiyananso. Lech Wałęsa, mtsogoleri wa Solidarność, anatsekeredwa miyezi pafupifupi 11 pambuyo pa lamulo la pa 13 Disembala 1981 loika Poland pansi pa ulamuliro wa asilikali, ndipo mu 1983 analandira mphoto ya Nobel. Boma la Poland linkapha ndithu: anthu asanu ndi anayi ogwira ntchito pa mgodi wa Wujek anawomberedwa, wansembe Jerzy Popiełuszko anaphedwa mu 1984. Koma maliro a wansembeyo anasonkhanitsa namtindi wa anthu, ndipo apolisi omwe anamupha anazengedwa mlandu ku Toruń. Ku Ukraine, loya Levko Lukianenko anagamulidwa kuti aphedwe mu 1961 chifukwa chofuna kugwiritsa ntchito ndime ya m'malamulo a Soviet omwewo yolola dziko kudzipatula. Chilangocho chinasinthidwa, koma anatha zaka zoposa 25 m'ndende ndi ku ukaidi wakutali. Mu Januwale 1972 kunachitika kumanga kwa chisawawa kwa alembi ndi aphunzitsi, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake mkulu wa chipani ku Ukraine, Petro Shelest, anachotsedwa, nkumunena kuti ankakometsera kwambiri mbiri ya kwawo. Mlakatuli Vasyl Stus anafera mumsasa wa akaidi wa Perm-36 ku Russia mu Sepitembala 1985, nkuikidwa m'manda ongolembedwa nambala. Mafupa ake anabwerera ku Kyiv mu Novembala 1989.

Ndiye mtima wokonda dziko unkabisala kuti? M'malo ang'onoang'ono. M'khitchini, wailesi itatsitsidwa mawu, pakati pa phokoso lomwe boma linkaika dala kuti wailesi yakunja ya Radio Liberty isamveke. M'mapepala otayipidwa mobisa otchedwa samvydav. Pa 22 Meyi chaka chilichonse, pomwe achinyamata ankaika maluwa pa chipilala cha Shevchenko ku Kyiv akudziwa kuti akazitape akulemba mayina ndipo malo a ku yunivesite atha kutayika. M'bwalo la mpira, Dynamo Kyiv ya mphunzitsi Valeriy Lobanovskyi ikamagonjetsa Spartak Moscow, pomwe munthu ankatha kukuwa mpaka mawu kutha popanda womufunsa chomwe akukuwira. Ku Lviv anthu ankaloza milongoti ya pa denga kuzambwe nkumaonera wailesi yakanema ya ku Poland. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata: mwambi uwu anthu a kumeneko akanaumva popanda wowamasulira.

Za m'masitolo sindichulukitsa, chifukwa mizere inali mbali zonse. Mwinanso Poland ndi yomwe inavutika kwambiri cha mu 1981, pomwe nyama ndi shuga zinkagulidwa ndi makuponi. Kungoti Mpolishi ankatha kupeza pasipoti, kukagwira ganyu kunja, nkubwera ndi madola ogulira zinthu m'masitolo a Pewex. Mayi wa ku Kyiv ankayenda ndi kachikwama ka ukonde m'thumba, kuti mwina mwake akumana ndi mzere wa soseji kapena malalanje.

Chomwe chinang'amba chinsalu ndi Chornobyl. Ng'anjo ya nyukiliya inaphulika pa 26 Epulo 1986. Boma la Poland, lachikomyunizimu lomwelo, linayamba pa 29 Epulo kumwetsa anthu mankhwala a ayodini, ndipo m'masiku ochepa anthu oposa 18 miliyoni, makamaka ana, anali atamwa. Ku Kyiv, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa ng'anjoyo, ana a sukulu anawatulutsa pa 1 Meyi kukaguba mumsewu wa Khreshchatyk ngati palibe chachitika. Makolo omwe sankasamala za ndakatulo kapena alifabeti anamva m'mimba tsiku limenelo. Mu Julayi 1989 ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Donbas, kuvuma kwa Ukraine, ambiri olankhula Chirasha, ananyanyala ntchito, ndipo limodzi mwa madandaulo awo linali la sopo: munthu kutuluka pansi pa nthaka ali bii, osapeza chosambira. Mu Januwale 1990 anthu anagwirana manja kuchokera ku Lviv mpaka ku Kyiv. Mu Okutobala ophunzira ananyanyala chakudya pabwalo lapakati la Kyiv mpaka nduna yaikulu Vitaliy Masol inatula pansi udindo.

Chikalata cholengeza ufulu wa Ukraine pa 24 Ogasiti 1991 anachilemba ndi Lukianenko uja, ndipo tsikulo linali lokumbukira kubadwa kwake. Pa riferendamu ya pa 1 Disembala, anthu oposa 90 pa 100 aliwonse anavomereza. Ku Donetsk anali pafupifupi 84, ku Crimea 54. Chigawo cha Ternopil, kuzambwe kwa Zbruch, chinapereka oposa 98, ndipo cha Khmelnytskyi, kuvuma kwa mtsinjewo komwe kunadutsa njala ya 1933, chinapereka oposa 96. M'mawa mwake, pa 2 Disembala, dziko loyamba kuvomereza kuti Ukraine ndi dziko loima palokha linali Poland.