Chitupa cholembedwa dzina la bwana mmodzi

Nkhani ya anthu a ku Mexico amene amapita kukagwira maganyu m'minda ya ku Canada yandikhala mumtima, ndiye ndinenepo maganizo anga.

Kuyambira 1974 maboma awiriwa ali pa mgwirizano woti anthuwa azikalima kumeneko mpaka miyezi 8 pachaka, nyengo ikatha n'kubwerera kwawo. Ambiri amakafikira ku Ontario, m'matawuni ngati Leamington, kukathyola tomato ndi minkhaka. Ndalama zimene amatumiza zimamanga nyumba, zimalipirira ana sukulu, zimenezo sindikutsutsa. Bambo wosowa pogwira ku Tlaxcala kapena ku Puebla sangakane mwayi wotere, inenso sindikanaukana.

Chimene chimandiwawa ndi chitupa. Chitupacho, chimene ndi kontrakiti ya ntchito, chimalembedwa dzina la bwana mmodzi. Bwana yemweyo ndiye amapereka pogona, ndiyenso amatchula dzina lako kuti chaka chamawa udzabwere. Tsono msana ukamapweteka, mankhwala opopera akamakuyabwa m'maso, mukamagona mothithikana m'chipinda chimodzi, ungatsegule pakamwa? Ukudziwa kuti akakuchotsa ntchito akukweza ndege yopita kwanu, ndipo dzina lako mwina silidzaitanidwanso. Munthu amangoluma mano. Alipo amene akhala akubwerera m'minda yomweyo kwa zaka 20, koma ntchitoyo siiwapatsa ufulu wokhazikika m'dzikomo, ndipo ana awo amakula akuwaonera pafoni.

Mu 2020 Covid-19 itafala m'malo ogona antchitowa, atatu ochokera ku Mexico anamwalira ku Ontario, ndipo atamwalira awiri oyamba boma la Mexico linayamba laimitsa kutumiza anthu. Mu 2023 Tomoya Obokata, nthumwi ya United Nations yoona za ukapolo wamakono, atayendera Canada anachenjeza kuti ndondomeko zotere zimabala ukapolo. Sanakokomeze ayi.

Anthuwa anapwetekedwapo kale. Mu ndondomeko ya Bracero, imene inkawatumiza ku America kuyambira 1942 mpaka 1964, m'zaka zoyambirira ankawadula 10 peresenti ya malipiro, n'kuwauza kuti adzalandira akafika kwawo. Ambiri anakalamba, ena anamwalira, osaiona ndalamayo.

Ine ndinakula ndikuona agogo anga, amene anathera mphamvu zawo ku migodi ya ku Joni, akutchera khutu pa wailesi kudikira ndalama zawo. Ndiye achinyamata athu amene anayamba kupita kukalima ku Israel mu 2023 ndikamawaona akutsazika, ndimafuna wina andiuze ngati akayambana ndi bwana amaloledwa kusamukira munda wina.