Pemphero Lopempha Mvula ya pa Nthawi Yake

Atate wathu wakumwamba, Chauta, Mphambe, Inu mwini mitambo ndi mabingu, tagwada pamaso panu ife ana anu a kuno ku Lilongwe. Kumwamba kukauma, makolo athu ankapita ku kachisi wa mvula wa ku Msinja kukakudandaulirani. Ifenso lero tabwera ndi dandaulo lomwelo.

Ambuye, mvula yasiya kusunga nthawi. Agogo athu ankati chizimalupsa chikagwa mu Okutobala, munthu akonzeretu mbewu, pakuti yobzalira ili pafupi. Masiku ano Novembala amatha mizere ili gwaa. Ikagwa tsiku limodzi timathamangira kumunda, n'kukwirira mbewu yogula modula, kenaka dzuwa n'kuswa mtengo, mbewu n'kupsera m'nthaka. Nanga yobzala kachiwiri tiitenga kuti? Chotiwawa koposa ndi ng'amba ya mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chitayamba kumasula, feteleza wangongole ali kale m'munda. Masamba amapotana ife tikuona, osadziwa chochita. Choncho sitikupempha mvula yambiri ayi. Tikupempha yogwa pa nthawi yake, yamvumbi, yolowa pansi, yosadukiza mpaka chimanga chikhwime.

Ambuye, timvereni.

Ikabwera yonse pakamodzi, Atate, imasanduka mdani. Sitinaiwale mmene mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu 2017, anthu a ku Mtandire n'kuthawa nyumba zawo. Tonthozani abale athu a kummwera amene anataya okondedwa awo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Misozi isanaume, chaka chotsatiracho chilala cha El Niño chinaumitsa minda, mpaka maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi.

Akatswiri akutiuza kuti dziko likutentha chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto, ndipo wochuluka umafuka m'mayiko akutali. Fewetsani mitima ya atsogoleri a kumeneko, pakuti amene akulangika ndi mayi wamasiye wa ku Mitundu, amene chuma chake ndi khasu basi.

Tikuperekanso m'manja mwanu nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, madzi amene timamwa mu mzinda muno. Owotcha makala kumeneko nawonso ali ndi ana ofuna nsima. Atsegulireni njira ina yopezera chakudya. Ife a m'tauni, amene timagula makalawo, tipatseni chophikira china chimene thumba lathu lingakwanitse.

Dalitsani a zanyengo kuti azilosera molondola, ndiponso alangizi kuti uthenga uzifika kwa mlimi wa ku Nsaru, ku Nkhoma ndi ku Malingunde asanatsegule thumba la mbewu. Amene ayesa mbewu zocha msanga, chinangwa, mbatata ndi ulimi wa kudimba, musawachititse manyazi. Ndipo pakhomo pamene nkhokwe yatha zokolola zisanafike, utsani mnansi woti agawane nawo ufa.

Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Ameni.