Nawonso a ku Spain anameza d, asatiseke

Loweruka lapitali tinaoloka malire kuchoka ku Elvas, kuno ku Portugal, kupita ku Badajoz kukathira mafuta, mukudziwa kale kuti mbali ya Spain petulo amatsikirako mtengo ndiye tonse akuno timathamangira konko. Pokalipira khadi langa linakana kawiri, ine thukuta kamukamu, mnyamata wa pakauntala akungoseka. Ndinamuuza m'Chipwitikizi changa cha ku Ulongwe, ku Mozambique, kuti não é para rir, izi sizoseketsa ayi. Eee ndiye ndinachita ngati ndamuputa dala. Akuti rir? Mawu ake athera pomwepo? Inu olankhula Chipwitikizi mumameza mawu ngati mbatata yotentha, mawu enieni ndi reír.

Zinandiwawa mpaka kunyumba, chifukwa anthu amenewa amayankhula ngati Chilatini anasiyiridwa iwo okha pa chuma cha masiye. Mawu onsewa kholo lake ndi limodzi, ridere, mmene ankanenera Aroma. Tsono tayang'anani reír wawoyo, d ali kuti? Anameza! Ndipo si pokhapo, credere anamusandutsa creer, cadere anakhala caer, d wapakati anapita kummero. Anyani sasekana zikundu abale. Amene angatiseke ndi Ataliyana basi, iwo mpaka lero amati ridere wathunthu, ndi a ku Romania omwe d wawo akadalipo mu râde. Afalansa ndi rire wawo angokhala chete.

Chabwino, ndivomere pang'ono, mnyamata uja sananame kwenikweni. Apwitikizi pomeza ndi akatswiri. D atagwa panatsala riir, kenako ma i awiriwo anaphatikizana nkukhala rir, ka mawu kakafupi ngati chikhosomo. Credere yemwe uja kuno ndi crer. Ndipo sanalekere pa d, anadyanso l ndi n: a ku Spain akuti dolor kuno dor, iwo color ife cor, iwo luna ife lua. Ukamva agogo a kuno ku Alentejo akucheza pa benchi umachita kutchera khutu ngati wailesi yatha mabatire. Koma ine ndimakonda choncho, mawu osataya nthawi. Ngakhale kumwetulira, sorrir wathu ndi sonreír wawo onse achokera ku subridere, kuseka chapansipansi, koma wathu amatuluka mofewa pomwe wawo amachita kugunda m'mphuno.

Pomwe sindingawakhululukire ndi kaseka kawo ka pafoni. Jajaja. Tsiku loyamba mnzanga wa ku ntchito wa ku Badajoz atandilembera zimenezi pa WhatsApp ine ndinawerenga já já já, zomwe m'Chipwitikizi ndi kunena kuti pompano pompano, ndinasiya tiyi patebulo nkuthamanga kuganiza kuti bwana akundifuna, kumeneko munthu akungoseka chithunzi chomwe ndinatumiza. J wawo amatchulira kukhosi ngati akuchotsa minga ya usipa. Afalansa nawo amalemba mdr, mort de rire, kufa nako kuseka, bola iwo zikumveka. Ife ndi kkkkk wathu yemweyo, wa ku Lilongwe, ku Tete mpaka ku Brazil, palibe amene amathamanga atamuwerenga.

Loweruka likubwerali ndikupitanso, petulo ndiwotchipa ndithu. Ndalemba ridere pakapepala, ndikamufunse mnyamata uja d wake anamusiya kuti.