M'bale wa nduna pa wailesi tsiku ndi tsiku

Ndatopa naye munthu ameneyu. Ukatsegula wailesi m'mawa, ndi iye. Pa kanema usiku, yemweyo. Pa Facebook lero akutiphunzitsa za chuma, mawa za mpira, mkuja za banja. Anaziphunzira kuti zonsezi? Chomwe ali nacho n'choti mkulu wake ndi nduna, basi.

Atolankhani omwe anavutikira maphunziro awo akusowa mpata, pomwe iyeyu akupatsidwa ola lathunthu kuti azikamba za nsapato zake zatsopano. Akafunsidwa za ndalama zomwe zasowa ku unduna wa mkulu wakeyo, amati za ndale sizimukhudza. Nanga wofunsayo bwanji osamupanikiza? Amangoseka naye, kenako n'kuika nyimbo. Zimandiwawa zedi, chifukwa funso limenelo ndi lomwe ife omvera timadikirira yankho lake.